Kugula Boti la Thanga Limene Lagwirapo Kale Ntchito



Ine ndinakulira m'mbali mwa nyanja. Ntchito yanga ndi yokhoma ndi kukonza maboti a matabwa. Anthu ambiri amabwera kwa ine atagula kale boti. Amati, "Amisiri, taliwonani boti langali, likuloŵa madzi." Ndikaligogoda ndimangopukusa mutu. Ndalama zinapita kale, ndipo wogulitsa uja sakuwonekanso. N'chifukwa chake ndati ndiyankhule nanu musanagule.

Boti latsopano ndi lokwera mtengo. Mabanja ambiri sangalikwanitse. Kotero kugula boti lakale si chinthu chochititsa manyazi ayi. Boti limene linakhomedwa bwino, mwini wake n'kumalisamala, lingathe kukutumikirani zaka zambiri. Ndipo likakhala la thanga, simudandaula za mafuta a injini. Mphepo sitigula. Zombo za matanga si zachilendo pa nyanja yathu ino. M'zaka za m'ma 1840, Jumbe, Salim bin Abdallah, anakhazikika ku Nkhotakota, ndipo zombo zake za matanga zinkawoloka nyanja zitasenza minyanga ya njovu ndi akapolo. Malonda oipawo anatha, koma luso la thanga linatsala. Mukapita ku Likoma mudzawona zombo za matanga zikubwera ndi nkhuni ndi katundu wina kuchokera tsidya la ku Mozambique.

Yambani mwadzifunsa nokha

Musanapite kukawona boti lililonse, khalani pansi ndi a m'banja mwanu. Tengani pensulo ndi pepala, pajatu tsopano mumatha kulemba. Lembani anthu amene azikwera botilo. Lembaninso katundu amene muzinyamula, ndi malo amene muzipita. Kodi ndi kuchigayo, kumsika ndi kuchipatala, kutsata gombe? Kapena mukufuna kumawoloka kupita ku chilumba? Maulendo aŵiriŵa safuna boti lofanana.

Tiyeni tiŵerengere pamodzi. Tinene kuti munthu wamkulu amalemera makilogalamu 65. Akuluakulu anayi ndi makilogalamu 260. Ana atatu a makilogalamu 30 aliyense ndi makilogalamu 90. Matumba anayi a chimanga a makilogalamu 50 ndi makilogalamu 200. Mukaphatikiza zonse zikukwana makilogalamu 550. Apo sitinaŵerengere nangula, nkhafi, mlongoti, ndoŵa ndi mbuzi ya apongozi. Mwawona? Katundu wa banja amachuluka msanga kuposa mmene timaganizira.

Kwa banja lotere, ine ndimalangiza boti la mamita 6 kapena 7 m'litali, ndiye kuti mapazi 20 kufikira 23, lotakata bwino pamimba. Boti lowonda limathamanga, koma limapendekeka msanga mwana akadzuka mwadzidzidzi. Boti lalikulu kwambiri nalonso lili ndi mavuto ake. Limadya utoto wambiri, thanga lake ndi lolemera, ndipo inu ndi akazi anu kapena amuna anu simungalikokere kumtunda muli aŵiri. Kumbukirani kuti madooko otetezeka bwino pa nyanja ino ndi oŵerengeka. Malo ambiri ndi mchenga wokhawokha. Mphepo ikayamba, chitetezo cha boti ndi kulikokera kumtunda. Boti limene simungathe kulikoka mudzalipeza m'maŵa litaphwanyika.

Mwina munawonapo timaboti ta mimba ziŵiri ta matanga a mawangamawanga, timene timachita mpikisano. Timeneto ndi tamaseŵera. Timathamanga zedi, koma wokwera amanyowa thupi lonse, ndipo mulibe poika thumba la ufa kapena pokhazika agogo. Ngakhale akutsitsireni mtengo, si boti la banja limenelo.

Nyanja imene muziyendapo

Nyanja ya Malaŵi si dziŵe. Kutalika kwake ndi makilomita pafupifupi 580, ndipo pamene yatakata kwambiri ndi makilomita oposa 70. Kumpoto yazama mamita pafupifupi 700. Inu a kunyanja mphepo zake mumazidziŵa: mwera wochokera kummwera, mpoto, vuma wochokera kummaŵa, ndi zambwe wochokera kumadzulo. Mwera ndiye mwini wake wa nyanja m'nyengo yozizira, kuyambira mwezi wa Meyi mpaka cha mu Seputembala. Amatha kuwomba masiku angapo osaleka, ndipo mafunde ake amabwera moyandikana, osapatsa boti mpata wopuma. M'dzinja namonso mkuntho umatsika m'mapiri mosachenjeza.

Pa 30 Julaye 1946, sitima yapamadzi ya Vipya inamira kumpoto, m'dera la Chitimba ndi Chilumba, itakumana ndi namondwe. Anthu 145 anafa. Inali sitima yachitsulo, yatsopano, ya injini. Sindikunena izi kuti ndikuwopsezeni. Ndikufuna kuti pamene mukuyang'ana boti la malonda, muziliganizira lili pakati pa mwera, ana anu ali m'kati. Musaliganizire lili phee pa mchenga dzuŵa likuŵala.

Kuliyesa boti la matabwa

Boti musaligule lili m'madzi. Uzani mwini wake alikokere kumtunda, alikape, achotse matabwa opondapo ndi zonse za m'kati. Akakana, bwererani kwanu. Pitani masana kukuwoneka bwino, ndipo tengani mmisiri wanu, osati mmisiri amene wabwera ndi wogulitsa. Mupatseni kangachepe. Safunsa anadya phula.

Zida zake ndi ziŵiri zokha: kanyundo ndi mpeni wosongoka. Yambani ndi msana wa boti, mtengo waukulu uja wa pansi umene umachokera kutsogolo kufika kumbuyo. Imani kutsogolo, muŵerame, muwuyang'ane ngati mmene mumayang'anira mzere wa chimanga. Uyenera kukhala wowongoka. Ukakhala wokhota kapena wothyoka n'kulumikizidwa ndi chitsulo, boti limenelo latha. Thabwa limodzi lowola tingalisinthe, awo ndi masiku aŵiri a ntchito. Koma kusintha msana n'chimodzimodzi kukhoma boti lina.

Kenaka gogodani thabwa lililonse ndi kanyundo, pang'onopang'ono, kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Thabwa lamoyo limalira kuti ngwe ngwe. Lowola limalira mogonthera, ngati dzungu lofumbwa. Paliponse pamene mwakayika, bayani ndi nsonga ya mpeni. Mtengo wabwino umakana mpeni. Ukaloŵa ngati mukubaya mbatata yophika, pamenepo pawola. Musachite manyazi kugwada ndi kuloŵetsa mutu pansi pa mipando. Kuwola kumabisala m'malo a mdima mmene madzi a mvula amakhalitsa: m'munsi mwa nthiti za boti, m'makona a kumbuyo, pansi pa mipando, ndi pamene pamakhala tsinde la mlongoti. Nthiti muziŵerenge imodziimodzi. Nthiti imodzi yosweka si mlandu waukulu. Zitatu zosweka zotsatizana zikutanthauza kuti botilo linawombapo mwala.

Yang'ananinso misomali. Mukawona mizere yofiira ya dzimbiri ikutsika kuchokera pa mitu ya misomali, dziŵani kuti ndi misomali wamba ya denga, ndipo m'kati yadyeka. Pemphani kuti muzule umodzi wa pansi, m'mbali mwa msana. Ukatuluka wowonda pakati ngati singano, anzake onse ali chomwecho. Misomali ya mkuwa ndi ija yokutidwa kuti isachite dzimbiri ndiyo imakhalitsa. Boti limagwirana ndi misomali. Ikatha, matabwa amatseguka nthaŵi imene mafunde akulimenya kwambiri, nthaŵi yomwe simungathe kuchitapo kanthu.

Funsani kuti matabwawo ndi a mtengo wanji, ndipo palani pang'ono kuti muwone nokha. Mlombwa ndi mbaŵa ndi mitengo yolimba m'madzi. Maboti ena akale anakhomedwa ndi mkungudza wa m'phiri la Mulanje, umene suwola msanga ndipo chiswe chimauthaŵa. Mtengo umenewu unadulidwa mpaka kutsala pang'ono kutheratu m'phirimo. Mukapeza boti lakale la mkungudza lidakali lamoyo, mwapeza chinthu chabwino. Maboti ambiri a masiku ano ndi a paini kapena bulugamu. Paini ndi wopepuka koma amawola msanga, bulugamu amalemera ndipo amang'aluka akawuma. Sindikuti musagule, koma mtengo wake utsike, ndipo musayembekeze kuti lidzafika kwa adzukulu anu.

Tsopano za utoto. Apa ndiye ndikhalepo pang'ono, chifukwa ine ndemwe ndinapusitsidwapo. Ndili mnyamata, ndisanaphunzire ntchitoyi, ndinasunga ndalama za usipa kwa zaka ziŵiri. Ndinamva kuti pa gombe lina pali boti la malonda. Nditafika ndinapeza boti lokongola, lobiriŵira, la mzere woyera m'mbali, utoto wake ukununkhirabe. Mtima wanga unagwa pomwepo. Sindinagogode, sindinabaye, ndinkawopa kukanda utoto. Ndinalipira. Patapita milungu itatu, ndili ndi mayi anga ndi mlongo wanga, tikuchokera kuchigayo, vuma anayamba pang'ono chabe. Ndinangowona madzi akutumphuka pansi pa mpando ngati kasupe. Chigamba chinali chitachoka. Mwini wake anali atatseka dzenje ndi sanza ndi simenti, n'kupakapo utoto. Mayi anga anakapa madzi ndi beseni mpaka manja anatupa. Ufa wonse tinataya m'nyanja. Tinafika pa gombe madzi ali m'maondo, ndipo mayi sanandiyankhule masiku aŵiri. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kuyambira tsiku limenelo, boti la malonda likakhala ndi utoto wa dzulo, ine ndimaligogoda kaŵiri.

Koma tisamunamizirenso wogulitsa aliyense. Boti la matabwa likakhalitsa padzuŵa, matabwa amawuma, mipata n'kutseguka. Mukalibwezera m'madzi limaloŵa madzi tsiku loyamba. Chimenecho si chilema. Lisiyeni m'madzi osaya masiku aŵiri kapena atatu, matabwa afufume. Kenaka likapeni liwume, mulisiye usiku umodzi. M'maŵa muyese madzi amene aloŵa. Ndoŵa imodzi kapena ziŵiri si kanthu, mipata timamata ndi thonje ndi phula. Koma madzi akafika m'akakolo, pali chimene simunachiwone.

Maboti a faiba

Masiku ano kuli maboti a faiba, ena ogulidwa kwa eni malo ogona alendo, ena ochokera kunja. Faiba sawola ndipo chiswe sichimudya, koma naye ali ndi matenda ake. Gogodani ndi ndalama yachitsulo. Pabwino pamalira mowuma, pamene faiba wasiyana m'kati pamalira mogonthera. Pondani paliponse poyendapo. Pakamabonyera pansi pa phazi, ndiye kuti thabwa limene analikutira m'kati lanyowa ndipo lawola. Yang'anani pansi ngati pali matuza, ndi ming'alu yonga ukonde wa kangaude pamene pamangidwa zingwe zogwira mlongoti.

Ena mwa maboti ameneŵa ali ndi chipsepse cholemera chachitsulo pansi, chosachotseka. Chimathandiza kuti boti lisagubuduke, komanso kuti liziyenda bwino mopingasa mphepo. Vuto lake n'lakuti boti lotere silifika pa mchenga, limafuna dooko lakuya. Ena ali ndi chipsepse chokweza ndi kutsitsa. Kwa ife a m'midzi ya pagombe, chokwezacho ndicho chabwino. Chiyeseni kangapo muwone ngati sichikukakamira, ndipo muyang'ane ngati bokosi lake silikudontha.

Chinanso ndi ichi. Boti la matabwa lopanda miyala m'kati likadzaza madzi, kaŵirikaŵiri limayandamabe, anthu n'kugwirira. La faiba limamira, pokhapokha likhale ndi zipinda zotsekeka za mpweya. Tsegulani zipindazo muwone ngati ndi zowuma. Ngati mulibe, mangirirani zigubu zopanda kanthu, zotseka bwino, pansi pa mipando. Ndi zotsika mtengo, ndipo zapulumutsapo anthu.

Mlongoti, thanga ndi zingwe

Mlongoti augoneke pansi kuti muwuwone wonse. Kaya ndi wamtengo kaya wachitsulo, ukhale wowongoka. Malo aŵiri ndiwo amawonongeka: kutsinde, kumene kumakhala chinyontho, ndi kunsonga, kumene kumapita zingwe. Ngati waya ndi amene wagwira mlongoti, yendetsani kansalu pa wayayo. Kakakodwa, ndiye kuti tinsambo tayamba kuduka, ndipo waya yenseyo ndi wofunika kusintha.

Thanga alitambasule lonse pa mchenga. Mdani wa thanga ndi dzuŵa. Kandani ulusi wa m'misoko ndi chikhadabo. Ukamaduka, thangalo lidzafunika kusokanso lonse. Kokani nsalu ndi manja aŵiri pakona. Ikang'ambika ngati pepala, yapsa. Thanga la matumba osokedwa limayenda ndithu, ambiri tayendera lomwelo, koma silikhalitsa, ndiye musalilipire ngati la nsalu yeniyeni. Funsaninso ngati thangalo lingathe kuchepetsedwa mphepo ikakula. Pa boti la banja, thanga laling'ono ndi labwino kuposa lalikulu. Mudzafika mochedwerapo, basi.

Chiwongolero chigwedezeni ndi mphamvu. Zitsulo zake zisagwedere. Nangula akhalepo, ndi chingwe chachitali chosatha. Nkhafi zikhalepo zosachepera ziŵiri, chifukwa mphepo imatha kuleka muli pakati pa ulendo. Zonsezi muzilembe pa pepala lanu lija. Ogulitsa ena amachotsa nangula ndi nkhafi usiku, inu mutalipira kale.

Mukakhutira pamtunda, likwereni. Musaliyese m'maŵa kuli bata. Dikirani mphepo iyambe pang'ono. Ikanimo matumba a mchenga olemera ngati banja lanu ndi katundu wanu, ana atsale kumtunda. Mwini wake akwere nanu. Wonani kuti kuchokera pa madzi kufika pa mlomo wa boti patsala mpata wotani. Lamulo langa ndi lakuti patsale mkono wathunthu, kuchokera pa chigongono mpaka kunsonga kwa zala. Litembenuzeni mbali zonse ziŵiri, muwone ngati likumvera chiwongolero. Chingwe cha thanga musachimange mfundo, chizikhala m'manja, kuti mphepo ikawomba mwadzidzidzi muchitayirire.

Za nyanja yamchere

Ena mwandifunsa ngati boti lomwelo lingayendenso m'mbali mwa nyanja yamchere, monga ku Beira, Quelimane, Nacala kapena Pemba, kumene kuli abale athu ambiri. Choyamba, simungatsike nalo mtsinje wa Shire mpaka kunyanja. Ku Liwonde kuli chotsekera madzi, ndipo kumunsi kuli mathithi monga Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Ngakhale sitima yoyamba ya Ilala, imene inafika pa nyanja ino mu 1875, anachita kuimasula, anthu mazanamazana n'kuisenza zidutswazidutswa kulambalala mathithiwo. Lero boti limapita pa lole.

Chachiŵiri, madzi amchere ali ndi zake. Amadya chitsulo msanga. Mulinso nyongolotsi imene imaboola matabwa. Kunja kumangowoneka timabowo tonga ta singano, koma m'kati thabwa lili ngati chisa cha njuchi. M'madzi a nyanja yathu nyongolotsi imeneyi sikhala. Tsono boti la matabwa likachokera kunyanja yamchere, ligogodeni mosamala kwambiri m'munsi monse. Kumenekonso madzi amadzaza ndi kuphwa kaŵiri pa tsiku. Ku Beira kusiyana kwake kumatha kupitirira mamita 6. Mungathe kukocheza pa madzi, n'kubwera kudzapeza boti lili pa matope. Kuno madzi amakwera ndi kutsika potsata nyengo, ngakhale mu 2024 tinawona nyanja ikukwera mpaka kuloŵa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota. Wopita kunyanja yamchere ayambe wayenda ndi eni ake a kumeneko.

Ndalama ndi pepala

Ndalama zanu zonse zisathere pogula. Ine ndimati pa K100 iliyonse imene muli nayo, K70 ikhale yogulira boti, K30 itsale. Boti lakale lililonse limafuna kanthu: phula, utoto, zingwe, thabwa limodzi kapena aŵiri. Pa ndalama yotsalayo, choyamba kugula ndi majekete oyandamitsa, aliyense yake, ana ndi a msinkhu wawo. Gulaninso kawailesi, chifukwa a zanyengo amalengeza mwera akamabwera. Zilema zonse zimene mwazipeza, mmisiri wanu aziŵerengere mtengo, ndipo mtengowo uchotsedwe pa mtengo wa boti. Mukamanenerera muli ndi pepala m'manja, wogulitsa sakutsutsani kwambiri.

Tsimikizani kuti wogulitsayo ndiye mwini wake. Maboti amabedwa, ena ndi a chikole cha ngongole, ena ndi a masiye amene abale sanagwirizane zogulitsa. Funsani kwa a mfumu ndi kwa a komiti ya pagombe pamene botilo limakocheza. Ngati lili ndi nambala ya boma, ŵerengani nambala ya pa boti ndi ya pa chikalata, muwone ngati zikufanana. Pitaninso ku ofesi ya boma ya Marine, yoyang'anira zoyenda pamadzi, mukafunse zoyenera kuchita kuti botilo lilembedwe m'dzina lanu, makamaka ngati mukuganiza zodzanyamula anthu olipira. Ndipo mukafuna kuwolokera ku Cobue kapena ku Metangula, kumbukirani kuti kumeneko ndi dziko lina, pamafunika zikalata za pa malire.

Pa tsiku lolipira, lembani pangano. Si lovuta ayi. Pamwamba lembani tsiku, mwezi ndi chaka. Lembani dzina la wogulitsa ndi mudzi wake, dzina lanu ndi mudzi wanu. Lembani kutalika kwa boti, mtundu wa utoto wake ndi nambala yake ngati ilipo. Lembani zonse zopita ndi boti: mlongoti, thanga, chiwongolero, nangula, nkhafi. Ndalama muzilembe m'manambala ndiponso m'mawu, kuti wina asadzawonjezepo ziro. Mapepala akhale aŵiri ofanana, lina lanu lina lake. Liŵerengeni mokweza pamaso pa mboni ziŵiri ndi a mfumu. Wogulitsa asaine, mboni zisaine, ndipo inunso musaine ndi dzanja lanu. Pepala lanulo mulikulunge m'pulasitiki, mulisunge kunyumba, osati m'boti.

 Amene ali ndi funso aimike dzanja.